Kodi Mwadziwa Bwanji?



Nkhani yathu ya lero iyamba ndi funso lalifupi, limene mwana wa zaka zisanu angathe kufunsa, koma limene nthawi zina limathetsa mau munthu wa imvi. Funsolo ndi ili: Kodi mwadziwa bwanji? Mnzanu akakuuzani kuti mawa kugwa mvula, kapena kuti mwana wakuti ndiye anaba pensulo, kapena kuti madzi a m'citsime cakuti ngabwino kumwa, palibe colakwa mutamfunsa funso limeneli. Iye akayankha napereka zifukwa zake, ndiye kuti wacita cinthu cimene anthu ophunzira akhala ali kucisanthula kwa zaka zoposa 2,000. Phunziro losanthula kaganizidwe kotere Angelezi amalicha logic, ndipo mau amene munthu amanena poika zifukwa ndi kuturutsapo cigamulo amawacha argument.

Liu lacingelezi laciwirili limasokoneza ana ambiri, ndi aphunzitsi ena omwe, pakuti liri ndi matanthauzo awiri. Anthu awiri akakhala ali kupokosera pamsika, wina atagwira mnzake malaya, Mngelezi amati pali argument, ife timati pali mkangano. Umenewo si umene tiri kunena lero ai. Pamkangano amapambana ndi wa mau okweza kapena wa nkhonya yaikulu. Cimene tiri kunena ife cingacitike munthu ali yekhayekha, osatsegula pakamwa ndi pang'ono pomwe. Mlimi afika kumunda m'mamawa, aona mapesi othyoka, zisononkho zodyedwa mbali imodzi ziri mbwee, ndi mapazi onga a kamwana pamizere. Mumtima mwake ati: anyani anali muno. Iye sanawaone anyaniwo, ndipo sanakangane ndi munthu, koma wacoka pa zimene aona nafika pa cimene sanacione.

Ine ndidzagwiritsa nchito liu lathu lakuti mfundo. Mukafuna kunyamula nkhuni mumatenga luzi, mumazengeza mtolo, ndi kumanga nsonga zake mfundo. Liu lomweli timanenanso za munthu amene walankhula zomveka pamsonkhano, timati wamanga mfundo. Sungani cithunzi ca luzi ndi mfundo yake, pakuti tidzacifuna kutsogoloku.

Mfundo iri yonse iri ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi zifukwa, ndiwo mau amene wolankhula afuna kuti tiyambe tawabvomera. Mbali yaciwiri ndi cigamulo, ndiwo mau amene iye akuti tiyenera kuwalandira popeza tabvomera oyambawo. Liu lakuti cigamulo ndalisankha dala, pakuti ambiri a inu munakhalapo pabwalo pamene mfumu iri kuzenga mlandu. Mfumu yodziwa nchito yake siyamba ndi kugamula. Imamva wodandaula, imamva woimbidwa mlandu, imamva mboni, nduna zimafunsa mafunso, ndipo potsiriza pake imati: popeza mbuzi zinapezedwa m'munda wa mwini, popeza khola linagona losatseka, ndipo popeza mwini khola wabvomera kuti mbuzizo ndi zake, mwini mbuzi ndiye wolakwa. Apa zifukwa ziripo zitatu, cigamulo cimodzi.

Cinenero cathu ciri ndi timau tina timene timaima ngati zikwangwani za pamseu. Mukamva popeza, pakuti, cifukwa, kaamba kakuti, dziwani kuti cimene ciri kubwera ndi cifukwa. Mukamva cotero, motero, ndiye kuti, n'cifukwa cake, dziwani kuti cimene ciri kubwera ndi cigamulo. Musaganize kuti cigamulo cimakhala kumapeto nthawi zonse. Mfumu ija ikadatha kuyamba ndi kunena kuti mwini mbuzi ndiye wolakwa, zifukwa ndi kuzichula pambuyo. Mfundo ikadakhala yomweyo.

Si mau onse amene ali mfundo. Funso si mfundo. Lamulo, monga lakuti tsekani citseko, si mfundo, pakuti simunganene kuti nloona kapena nlabodza. Nthano ya Kalulu ndi Fisi si mfundo, ngakhale m'kati mwake Kalulu amamanga mfundo zambiri zopotoka. Ndipo pali msampha umodzi umene ndifuna aphunzitsi muuone. Liu lakuti cifukwa limagwira nchito ziwiri. Anthu awiri aima m'mbali mwa mtsinje wosefukira, ndipo wina ati: mtsinje wadzaza cifukwa kumapiri kwagwa mvula. Ameneyu sali kutsimikizira mnzake kuti mtsinje wadzaza, pakuti onse awiri ali kuuona ndi maso. Iye ali kungofotokoza cimene cadzazitsa mtsinje. Koma mnzakeyo akatsutsa nati kumapiri sikunagwe mvula, woyambayo nayankha kuti kwagwa ndithu, cifukwa taonani mtsinje wadzaza, pamenepo ndiye wamanga mfundo, pakuti watenga cinthu cooneka kuti atsimikize naco cinthu cokaikitsa.

Kawirikawiri polankhula sitinena zifukwa zathu zonse. Amai akauza mwana kuti madzi awo si abwino kumwa, ngam'dambo, asiya cifukwa cimodzi osacichula, cakuti madzi a m'dambo osawiritsa amadwalitsa. Asiya cifukwa adziwa kuti mwanayo acidziwa kale, ndipo palibe bvuto. Koma tamvani mfundo iyi, imene ena a inu munaimvapo: mwana uyu sangathe masamu, pakuti ndi mtsikana. Nayonso iri ndi cifukwa cobisika. Citurutseni poyera mucione: atsikana onse sangathe masamu. Cikangoturuka cotero manyazi amacigwira, pakuti mtsikana mmodzi yekha wokhoza masamu m'kalasi mwanu akwanira kucigwetsa. Mfundo zambiri zoipa zimayenda mtunda wautali cifukwa cakuti cifukwa cake cobvunda cinakhala cofundidwa.

Munthu woyamba kulemba malamulo a kamangidwe ka mfundo m'maiko a ku Ulaya anali Mgriki, dzina lake Aristotle. Anabadwa m'caka ca 384 Kristu asanabadwe, m'mudzi wa Stagira kumpoto kwa dziko la Greece. Ali ndi zaka ngati 17 anapita ku Athens kukaphunzira kwa Plato, ndipo anakhala pasukulu imeneyo zaka pafupifupi 20. Pambuyo pake anaphunzitsa mwana wa mfumu ya ku Macedonia, amene anadzakhala Alexander Wamkulu, ndipo m'caka ca 335 anatsegula sukulu yakeyake ku Athens, yochedwa Lyceum. Anamwalira m'caka ca 322. Kumbukirani ana inu kuti zaka za Kristu asanabadwe zimawerengedwa cobwerera, n'cifukwa cake caka cobadwa ciri ndi nambala yaikulu kuposa caka comwalira. Agriki sanali okha pa nchitoyi. Ku India anthu a gulu la maphunziro lochedwa Nyaya anali ndi kaphunzitsidwe kaokao, ndipo citsanzo cao cokondedwa cinali ca phiri limene liri kufuka utsi, munthu nadziwa kuti paphiripo pali moto ngakhale sauona, monga momwe zimakhalira m'khichini.

Cimene Aristotle anaona ndi ici, kuti mphamvu ya mfundo zina siiri m'nkhani imene iri kukambidwa, koma m'kamangidwe kake. Kuti aonetse zimenezi anacotsa maina a zinthu naikapo malemba. Ngati A onse ali B, ndipo B onse ali C, ndiye kuti A onse ali C. M'malo mwa malembawo ikani ciri conse cimene mufuna. Nkhuku zonse ndi mbalame, mbalame zonse zimaikira mazira kuti ziswane, cotero nkhuku nazo zimaswana poikira mazira. Anthu onse okhala ku Chipata ali m'cigawo ca kum'mawa, onse a m'cigawo ca kum'mawa ali m'Zambia, cotero onse okhala ku Chipata ali m'Zambia. Nkhani zasiyana, koma kamangidwe ndi kamodzi, monga mfundo ya paluzi ndi ya pacingwe ca ng'ombe.

Tsopano tafika pamtima pa nkhani yathu, ndipo pano tiyende pang'onopang'ono. Mtolo wa nkhuni ungagwe m'njira ziwiri. Mwina luzi linali lofumbwa, linaduka. Mwina luzi linali lolimba, koma mfundo inali yomangidwa mwaulesi, inamasuka. Mfundo ya m'maganizo nayo timaifunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi zifukwazo nzoona? Laciwiri: ngati zikadakhala zoona, kodi cigamulo cikadatsatira mosalephera?

Titenge mleme kuti utithandize. Caka ndi caka, kuyambira mu October kufikira mu December, mileme yodya zipatso imasonkhana miyandamiyanda m'nkhalango yaing'ono ya ku Kasanka, ndipo madzulo ikauluka thambo limada. Munthu woiona angathe kunena kuti: zonse zouluka ndi mbalame, mleme umauluka, cotero mleme ndi mbalame. Yang'anani kamangidwe kake. Nkabwino ndithu, pakuti zikadakhala zoona kuti zonse zouluka ndi mbalame, mleme sukadacitira mwina. Koma luzi ndi lofumbwa. Cifukwa coyamba ncabodza, popeza nchenche, ziwala ndi agulugufe zimauluka, koma palibe amene amazicha mbalame.

Wina anene tsono kuti: mbalame zonse ziri ndi mapiko, nkhuku iri ndi mapiko, cotero nkhuku ndi mbalame. Mukapereka mfundo iyi ku kalasi, ana onse adzaomba m'manja, pakuti mau onse atatu ngoona. Mbalame ziri ndi mapiko, inde. Nkhuku iri ndi mapiko, inde. Nkhuku ndi mbalame, palibe wotsutsa. Komatu mfundoyi njomasuka, ndipo cigamulo cake cangokhala coona mwamwai. Mufuna umboni? Fufutani liu lakuti nkhuku pabolodi, mulembepo ciwala. Mbalame zonse ziri ndi mapiko, ciwala ciri ndi mapiko, cotero ciwala ndi mbalame. Zifukwa zonse ziwiri zikali zoona, kamangidwe sikanasinthe, koma cigamulo caturuka cabodza. Imeneyi ndiyo njira yoyesera kamangidwe ka mfundo: funani citsanzo cina comangidwa cimodzimodzi, ca zifukwa zoona ndi cigamulo cabodza. Mukacipeza, kamangidweko nkosadalirika, ngakhale tsiku lina katakuturutsirani yankho lolondola.

Mfundo yacitatu ndi iyi: mbalame zonse zimaswana poikira mazira, mileme siikira mazira koma imabala ana ndi kuwayamwitsa, cotero mleme si mbalame. Apa luzi ndi lolimba ndipo mfundo njomangika. Mtolo wotere mungausenze kufikira kumudzi.

Aristotle mwini wake nthawi zina anasenza ndi luzi lofumbwa. M'buku lake lonena za nyama analemba kuti amuna ali ndi mano ambiri kuposa akazi, pamene coona ncakuti munthu wamkulu wa mano okwanira, mwamuna kapena mkazi, ali ndi mano 32. Malamulo a kamangidwe sangakuuzeni kuti m'kamwa muli mano angati. Pamenepo pafunika kuyasamitsa munthu ndi kuwerenga.

Mwina wina ali kuganiza kuti zonsezi ndi masewera a mau cabe. Tiyerekeze tsono kuti m'kalasi mwanu mwasowa ndalama ya mwana wina, imene anaisiya m'thumba la mabuku pa nthawi yopuma. Ana akuti: wakubayo anatsala m'kalasi pa nthawi yopuma, uje anatsala m'kalasi, cotero uje ndiye wakuba. Kodi mwakazindikira kamangidwe aka? Ndi kaja ka ciwala. Wakuba anatsala m'kalasi, inde, koma si onse otsala m'kalasi amene ali akuba, monga si zonse za mapiko ziri mbalame. Mwina mwanayo anatsala cifukwa mutu unali kumpweteka, kapena analibe cakudya ndipo anacita manyazi kukhala pakati pa anzake ali kudya. Mphunzitsi akagwa mumsampha umenewu, mwana wosalakwa adzasenza dzina la wakuba kufikira atamaliza sukulu, ndipo pamudzi dzina lotere silicoka msanga. Zindikirani kuti kamangidwe kotembenuza nkolimba: wakubayo anatsala m'kalasi, mwana uyu anali kubwalo la mpira nthawi yonse yopuma, cotero mwana uyu si wakuba. Kutsala m'kalasi sikukwanira kumanga munthu, koma kusakhalamo kukwanira kummasula.

Mfundo zimene taona kufikira pano ndi za mtundu umene cigamulo cimatsatira mosalephera. Masamu amakonda mtundu umenewu. Tengani miyala isanu ndi umodzi muiike iwiriiwiri, palibe wotsala. Tengani ina khumi muiike iwiriiwiri, palibenso wotsala. Mukasonkhanitsa miulu iwiriyo, mwala wopanda mnzake ungacokere kuti? Cotero manambala awiri ali onse ogawika pawiri, mukawaphatikiza, yankho lake lidzagawikanso pawiri, ndipo mwadziwa zimenezi za manambala onse, ndi amene simunawawerengepo omwe.

Koma pa moyo wa tsiku ndi tsiku timadalira kwambiri mtundu wina, umene zifukwa zimangopatsa cigamulo mphamvu, osacitsimikiza kotheratu. Mlimi uja wa anyani anagwiritsa nchito mtundu umenewu. Wonena kuti mvula idzayamba mu November cifukwa imayamba nthawi imeneyo zaka zambiri, nayenso ali pomwepo. Mfundo zotere si zoipa ai, popanda izo sitikadabzala ngakhale phando limodzi. Cofunika ndi kudziwa kuti khomo lake limakhala losatseka. Kwa zaka mazanamazana anthu a ku Ulaya anali kuona mbalame yaikulu ya m'madzi, yonga tsekwe koma ya khosi lalitali, imene Angelezi amaicha swan, ndipo iri yonse imene anaiona inali yoyera. Anakhulupirira tsono kuti zonse nzoyera. M'caka ca 1697 woyendetsa zombo wa ku Holland, Willem de Vlamingh, anafika pamtsinje wina kumadzulo kwa Australia napeza mbalame zomwezo ziri zakuda bii. Mtsinjewo umachedwa Swan River kufikira lero. Mbalame zoyera zikwizikwi sizinathe kutsimikiza liu lakuti zonse, koma zakuda zowerengeka zinaligwetsa tsiku limodzi.

Ndifuna ndikusimbireni za munthu amene anamanga mfundo ya mtundu waciwiriwu mosamala, pa nkhani ya imfa ndi moyo. Kumapeto kwa August m'caka ca 1854 nthenda ya kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo m'masiku khumi okha anthu oposa 500 anafa. Masiku amenewo madokotala ambiri anali kukhulupirira kuti kolera imabwera ndi mpweya woipa. Mfundo yao inali yomveka ndithu: nthendayi imakonda malo onunkha, cotero kununkhako ndiko kumadwalitsa. Dokotala wina, John Snow, anali kuganiza kuti nthendayi imalowera pakamwa, makamaka ndi madzi akumwa. Koma kuganiza kokha sikukadasintha mtima wa munthu ali yense, ndipo iye anayamba kusonkhanitsa zifukwa.

Anatenga maina a akufa nafufuza kumene ali yense anali kukhala, ndipo anapeza kuti ambiri anali pafupi ndi citsime ca pampu ca mumseu wa Broad Street. Cimeneci cokha sicinali cokwanira, pakuti otsutsa akadatha kunena kuti mpweya wa mumseu umenewo ndiwo unali woipa. Snow anafuna tsono anthu amene anapuma mpweyawo osamwa madziwo, ndi anthu amene anamwa madziwo osapuma mpweyawo. Mumseu womwewo munali nyumba yofululira mowa, imene inali ndi citsime cakecake, ndipo anchito ake anali kupatsidwa mowa panchito. Mwa iwo panalibe amene anafa ndi kolera. Capafupi panali nyumba yosungiramo amphawi, ya anthu 535, nayonso ya citsime cake, ndipo m'menemo munafa anthu asanu okha pamene nyumba zozungulira zinali pa maliro okhaokha. Kutali ndi kumeneko, ku Hampstead, kumene kunalibe kolera, kunafa mai wina wamasiye. Pofufuza, Snow anamva kuti maiyo anali kukonda kukoma kwa madzi a ku Broad Street, ndipo anali kumtengera m'botolo pangolo. Wacibale wake wina amene anadzaceza namwako madziwo anafanso atabwerera kwao ku Islington. Taonani mmene cifukwa ciri conse ciri kutseka njira imodzi yothawira. Snow anakaonekera pamaso pa akuluakulu oyang'anira deralo, ndipo pa 8 September mpini wa pampu unacotsedwa.

Pali cinthu cimodzi cimene ndimamlemekeza naco koposa. Imfa zinacepa mpini utacotsedwa, ndipo munthu wofuna kuchuka akadati: mwaona, ndathetsa mliri. Koma Snow analemba poyera kuti nthendayo inali itayamba kale kucepa, popeza anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Sanafune kutsamira pa cifukwa cofooka, ngakhale cinali kumkomera. Iye anamwalira m'caka ca 1858 madokotala ambiri asanabvomere maganizo ake. Kacirombo koyambitsa kolera anakaona ndi Filippo Pacini wa ku Italy m'caka comweco ca 1854, koma dziko linalabadira pamene Robert Koch wa ku Germany anakapezanso ku India m'caka ca 1884. Inu mudziwa kuti nkhani ya kolera si yacilendo kwa ife. Kuciyambi kwa caka ca 2024 masukulu m'Zambia anacedwa kutsegulidwa kaamba ka nthendayi, ndipo bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka linasandutsidwa malo osamalirako odwala. Pamene anamwino amatiuza kuti tiziwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, ndi kusamba m'manja ndi sopo, amaima pa cigamulo cimene cinayamba kumangidwa mumseu uja wa Broad Street.

Msampha umene Snow anaupewa ndi wofala pakati pa anthu a mitundu yonse. Timaona cinthu cimodzi cacitika, cina ndi kutsatira, ndipo timafulumira kunena kuti coyamba ndico cacititsa caciwiri. Tambala amalira, kunja ndi kuca, koma palibe wa inu amene amakhulupirira kuti tambala ndiye amaturutsa dzuwa. Pa tambala timaseka. Koma tamvani iyi: agogo akuti anadutsa pakhomo dzulo, lero mwana watentha thupi, cotero agogowo ndiwo amlodza. Kamangidwe ndi komweko ka tambala, koma zotsatira zake si zoseketsa, pakuti okalamba ena anathamangitsidwa m'midzi, ena anamenyedwa, cifukwa ca mfundo yotere. Dzulo lomwelo pakhomopo panadutsa anthu ena angati? Nanga udzudzu umene unaluma mwanayo masabata awiri apitawo, ndani anauona? Kuyambira m'caka ca 1897, pamene Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India, tiri ndi cifukwa cimene cingayesedwe, ndipo kucipatala kadontho kamodzi ka magazi kamaonetsa ngati mwanayo ali ndi malungo. Pamene akulu ali kulozana zala, mwana ali kucedwa kulandira mankhwala.

Kwa inu aphunzitsi anzanga ndiri ndi mau pang'ono. Mwana akayamba kufunsa kuti mwadziwa bwanji, tsiku lina adzakufunsani inu amene, mwina kalasi yonse iri kumva. Yankho lapafupi ndi lakuti cifukwa ndanena ndine. Ndibvomera kuti nthawi zina liribe kucitira mwina: mwana ali kuthamangira kumseu wa magalimoto simuyamba ndi kumkonzera zifukwa. Ndiponso kukhulupirira munthu wodziwa si kupusa. Makolo anati mau a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo amakoma cifukwa akuluwo anaona zambiri zimene mwana sanazione, ndiko kuti kumbuyo kwa mau ao kuli zifukwa. Tsono ngati zifukwazo ziripo, bwanji osamuonetsa mwanayo pamene nthawi ilola? Mphunzitseninso kafunsidwe kaulemu, kuti asanene kwa wamkulu kuti mwanama, koma ati: pepani, ndifuna kumvetsa, kodi zimenezi zimadziwika bwanji? Ndipo akatsutsana okhaokha, musalole kuti wina ayankhe mnzake ndi kunyoza, monga kunena kuti iwe ungadziwe ciani, unalephera mayeso. Wolephera mayeso akanena kuti 7 kuphatikiza 5 ndi 12, yankho lake nloona cimodzimodzi ndi la woyamba m'kalasi.

Ndikusiyirani nchito imene mungacite ndi ana a Giredi 5 kapena 6 tsiku la dzuwa. Aristotle analibe ndege kapena cithunzi cojambulidwa kumwamba, koma anatsimikiza kuti dziko lapansi nlozungulira ngati mpira. Cimodzi mwa zifukwa zake cinali kadamsana wa mwezi. Iye anati mdima umene umaphimba mwezi pa nthawiyo ndi cithunzithunzi ca dziko lathu, pamene laima pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo m'mphepete mwa cithunzithunzico mumakhala mokhota ngati uta nthawi zonse. Turukani ndi ana panja mutatenga licero, citini, buku ndi lalanje. Mwana mmodzi agwire pepala loyera loyang'anitsa kudzuwa bwinobwino, pakuti likapendekeka cithunzithunzi cimatalika. Wina agwire licero patsogolo pa pepalalo. Poyamba cithunzithunzi cidzakhala cozungulira, ndipo ena adzapfuula kuti dziko lingakhale lathyathyathya ngati licero. Pamenepo auzeni alitembenuze pang'onopang'ono kufikira litaima cam'mbali, aone cimene cidzatsala papepala. Acite cimodzimodzi ndi citini, ndi buku, ndipo potsiriza ndi lalanje.

Mukabwerera m'kalasi, ali yense alembe m'kope mwake zifukwa za Aristotle pamwamba, ajambule mzere, ndipo pansi pa mzere alembe cigamulo. Kenaka afunseni kuti apeze cifukwa cobisika, cimene ciyenera kukhala coona kuti licero likanidwe. Ena adzacipeza msanga, pokumbukira kuti kadamsana saoneka pamalo amodzi m'thambo: tsiku lina amagwa mwezi uli pamutu, tsiku lina uli pafupi kulowa. Ena adzafuna kugona nalo funsolo, ndipo yankho musawauze kufikira mawa.